Makompyuta awiri ofanana, koma imodzi ikutentha kwambiri

Funso: Ndimakonza mavidiyo a maukwati ku Katete. Ndinagula makompyuta awiri tsiku limodzi ku Chipata, onse ali ndi purosesa (ubongo wa kompyuta) ya Intel Core i5-12400. Pa ntchito imodzimodzi, ina imafika madigiri 78, inzake 90. Kodi anandigulitsa yachinyengo?

Yankho: Bambo, musathamangire kukabweza. Mapurosesa amadulidwa kuchokera pa chimbale cha silicon cha mamilimita 300, ndipo satuluka ofanana ndendende. Zili ngati njerwa za muuvuni umodzi, kapsedwe kake kamasiyana. Purosesa ina imathawitsa magetsi ochuluka mkati mwake, ndipo ikamatentha kuthawitsako kumawonjezereka. Ina imafuna voltage (mphamvu yokankha magetsi) yokwererapo kuti ithamange liwiro lomwelo, choncho kufakitale amayesa iliyonse n'kuipatsa voltage yakeyake. Kusiyana kooneka kochepa kumalemera: kuchoka pa 1.20 V kufika pa 1.30 V, magetsi omwe purosesa imadya pogwira ntchito amakwera ndi pafupifupi 17 peresenti, ndipo onsewo amasanduka kutentha.

Intel imati purosesa yanuyi ndi ya mawati 65 (65 W), koma imaloledwa kufika 117 W ikapanikizidwa. Ikagunda madigiri 100 imadzichepetsera yokha liwiro. Ndiye 90 siipsa nayo, ngakhale ife sitingaikonde.

Komabe madigiri 12 ndi ambiri, ndipo ife tingayambe takayikira fani tisanaloze chala purosesa. Ikani HWiNFO, pulogalamu yoonetsa mmene kompyuta ikugwirira ntchito, pa makompyuta onse awiri, muthamangitse Cinebench, pulogalamu yopanikiza purosesa, mphindi 10, kenaka muwerenge CPU Package Power (mawati omwe purosesa ikudya), liwiro ndi kutentha.

Ngati mawati ndi liwiro zikufanana koma kutentha n'kosiyana, vuto lili pa koziziritsira. Fani yomwe imabwera m'bokosi la Intel imagwira ndi timapini tinayi, ndipo kamodzi kakapanda kulowa mpaka kulira "kha", chitsulo chimakhala chopendekeka, mbali ina osakhudza bwino purosesa. Zimitsani, zulani pulagi, chotsani faniyo, pukutani phala lakale la pakati pa purosesa ndi chitsulocho ndi isopropyl alcohol, n'kudonthezapo thermal paste (phala lopititsa kutentha) yatsopano yofanana ndi njere imodzi ya nandolo pakati penipeni. Potseka timapini yambani ndi tiwiri toyang'anizana chopingasa. Fumbi nalonso lichotseni, ndipo onani ngati yotenthayo siili pakona popanda mphepo. Kutentha kwa Okutobala kuno kum'mawa sikusiya kompyuta yobisidwa pansi pa tebulo.

Mawati akasiyana, lowani mu BIOS (zoikamo za kompyuta zomwe mumalowamo ikangoyaka) muone PL1 ndi PL2, omwe ndi malire a mawati a purosesa, chifukwa motherboard (bolodi lomwe purosesa imakhalapo) ina imabwera itamasula malire amenewa. Akakhala ofanana koma ina ikudyabe zambiri, ndi chibadwa cha purosesayo, ndipo chimenecho sichikonzeka. Tsitsani malire a yotenthayo akhale pansi pa mawati omwe HWiNFO yaonetsa. Vidiyo idzachedwerapo pang'ono kutuluka, koma fani idzasiya kukuwa, ndipo ngati mukugwiritsa ntchito sola, batire lidzakhalitsa.