Disiki ikuthera pa mamita 70: kodi vuto ndi mphamvu za mkono?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mbale wathu amene ali pasukulu ku Finland, dziko limene disc golf, masewera oponya disiki ya pulasitiki mpaka ilowe mu basiketi yachitsulo, inafala kwambiri moti mabwalo ake amapezeka ngakhale m'matauni ang'onoang'ono. Funso lake ndi ili: "Ndimaponya backhand (kuponya kuseri kwa dzanja kukutsogola) ndi dzanja lamanja. Ngakhale ndiike mphamvu zonse, disiki imathera cha pa mamita 70. Imakwera m'mwamba kenako n'kugwera kumanzere. Ndinagula Destroyer poganiza kuti ipita patali koma palibe chasintha, ndipo phewa layamba kuwawa. Kodi ndiyambe kunyamula zitsulo?"

Zikomo polemba, achimwene. Zitsulozo zisiyeni kaye. Mmene mwafotokozeramu, mphamvu muli nazo zokwanira, kungoti zikutayika zisanafike pa disiki. Phewa lowawalo likusonyeza kuti mkono ukusenza wokha ntchito ya miyendo ndi chiuno.

Tiyambe ndi Destroyer, imene ndi driver, kutanthauza disiki yoponyera kutali. Kampani ya Innova inalembapo manambala 12, 5, -1 ndi 3, osonyeza mmene imaulukira. Nambala yoyambayo sikutanthauza kuti disikiyo idzathamanga yokha ayi. Ikunena liwiro limene woponya ayenera kuipatsa kuti iuluke mmene anaipangira. Ikachoka m'dzanja pang'onopang'ono, imafulumira kupendekera kumanzere n'kugwa. Ibwezereni m'chikwama kwa miyezi ingapo. Tengani putter (disiki yoponyera pafupi) monga Aviar, ndi midrange (ya mtunda wapakatikati) monga Buzzz ya kampani ya Discraft, ya manambala 5, 4, -1, 1. Madisiki amenewa sabisa cholakwa: mukaponya molakwika amagwedera kapena kukhota nthawi yomweyo, mukaponya bwino amapita mowongoka. Mukafuna driver, Leopard ikukwanirani, makamaka yopepuka ya magalamu 160 kapena kucheperapo, osati ya 175.

Kukwera m'mwamba kuja n'kumene kukukudyerani mamita ambiri. Disiki ikuchoka m'dzanja mbali yake yakutsogolo itadzuka, choncho mpweya ukuimenya kumimba n'kuiimitsa. Igwireni ndi zala zinayi pansi pa mkombero, chala chachikulu chikanikize pamwamba, ndipo dzanja mulipindire pansi cha kukachala kakang'ono mpaka disiki ikhale pamzere umodzi ndi mkono. Koma dziwani kuti kagwiridwe pakokha sikathetsa vutoli ngati poponya thupi lanu latsalira pa mwendo wakumbuyo. Munthu wopendekera chagada amaponyera kumwamba, afune asafune.

Apa m'pamene pagona nkhani yonse, ndipo ndikupemphani kuti muwerenge modekha. Mtunda umachokera pa kuima mwadzidzidzi kwa mwendo wakutsogolo, umene kwa inu ndi wamanja. Mukudziwa zimene zimachitika minibasi ikagwira mabuleki mwadzidzidzi: galimoto yaima, koma anthu ndi katundu akupitabe kutsogolo. Thupi lanu likamasunthira kumene mukuponya, phazi lamanja limaponda pansi chopingasa, zala zake zisanaloze ku basiketi, n'kulimba. Kusuntha konse kuja kumasowa kolowera, ndiye kumazungulitsa chiuno. Chiuno chimakoka mapewa, mapewa amakoka chigongono, ndipo dzanja ndi disiki zimabwera pomalizira. Ambiri amene amathera pa mamita 70 amayamba kukoka mkono chidendene chisanafike pansi. Akatero ndondomeko yonse yasokonekera, chatsala ndi phewa lokha kulimbana ndi disiki.

Ndiye chidendene chiyambe chaponda, mkono utsatire. Muziulola mkonowo kukhala wofewa. Chigongono chitsogole, disiki idutse pafupi ndi chifuwa, kenako mkono utambasuke wokha. Musatsegule zala kuti muitaye. Ikafika pa liwiro loyenera imadzisolola yokha m'dzanja, ndipo m'pamene imazungulira mwamphamvu.

Chinanso chimene ndimachiona kawirikawiri ndi kubisa disiki kuseri kwa thupi pobweza mkono m'mbuyo. Ikakhala kumeneko iyenera kuzungulira chifuwa kuti ituluke, ndipo njira yokhotayo imadya liwiro. Tembenuzani mapewa mpaka msana uyang'ane kumene mukuponya, maso achoke pa basiketi kwa kanthawi, mkono utambasukire kutali ndi thupi kuti disiki ikhale ndi njira yowongoka. Kuchotsa maso pa basiketi kumaopsa poyamba, ndikudziwa, koma mapewa sangatembenuke mokwanira mutu ukukana.

Zonsezi muziphunzire mutaima malo amodzi. Kuthamanga musanaponye kumangowonjezera zolakwika ngati ndondomeko sinakhazikike. Putter yanu ikayamba kufika mamita 60 mowongoka mutangoima, onjezani X-step: phazi lamanja, lamanzere lidutse kumbuyo kwake, lamanja liponde n'kulimba. Yendani ngati mukungoyenda, masitepe afupiafupi. Onerani mavidiyo a Simon Lizotte wa ku Germany kapena Kristin Tattar wa ku Estonia; Tattar ndiye anapambana mpikisano wa dziko lonse wa amayi mu 2022 ndi 2023. Chimene chimandisangalatsa pa iwo n'chakuti sapupuluma poyamba. Liwiro lonse limaonekera kumapeto kwenikweni, disiki itafika kale pachifuwa. Ndipo musadziyerekeze ndi mamita 338 amene David Wiggins Jr. anaponya mu 2016. Kumeneko kunali kuchipululu cha Nevada, mphepo yamphamvu ikumuthandiza. Pa mabwalo ambiri a m'nkhalango za ku Finland, munthu woponya mamita 100 mowongoka amasewera bwino ndithu.

Pochita maphunzirowa pitani pabwalo la mpira wamiyendo pamene palibe anthu, chifukwa kutalika kwake ndi pafupifupi mamita 100 ndipo mizere yake ikuthandizani kuyeza. Imikani foni ikujambuleni cham'mbali, kenako chakumbuyo. Poonera, imitsani vidiyo pamene chidendene chamanja changoponda. Disiki iyenera kukhala idakali kumbuyo kwenikweni. Ngati yafika kale pachifuwa, vuto mwalipeza. Chipale chofewa chikatseka mabwalo, kuponyera mu ukonde m'nyumba kumathandizanso, mwinanso koposa, poti maganizo sakhala pa kumene disiki yagwera.

Za phewalo musazichepetse. Mukaponya, lolani thupi lizungulire pa chidendene mpaka mkono uime wokha, chifukwa kuuimitsa mokakamiza kumapweteka phewa, ndipo phazi lokanirira pansi limapotokola bondo. Muzitenthetsa thupi musanayambe, makamaka kozizira ngati kumeneko. Ululu ukapitirira ngakhale mutapuma, kapena ukamakudzutsani usiku, kaonaneni ndi dokotala musanabwerere kubwalo.