Ikani Google Authenticator, za SMS zisiyeni

Achimwene, pa akaunti yanu ya crypto (ndalama za pa intaneti) sankhani Google Authenticator, pulogalamu ya pafoni yotulutsa manambala otsimikizira kuti amene akulowa ndinu, osati manambala obwera pa SMS. Kwathu kuno ku Thyolo netiweki ikavuta, ndaonapo uthenga ukufika nthawi yake itatha kale. Pulogalamuyi imatulutsa yokha manambala 6 atsopano masekondi 30 aliwonse, ngakhale mulibe bandulo. Chondiopsa kwambiri n'chakuti akuba akatulutsa SIM ina ya nambala yanu, ma SMS onse amapita kwa iwo.

Poyikhazikitsa, lembani papepala kiyi (zilembo zachinsinsi) yomwe imabwera ndi QR code (kachithunzi kamene mumajambula ndi foni), musunge kunyumba. Foni ikatayika, kiyiyo ndiyo idzakupulumutseni. Manambalawo musauze munthu, ngakhale wodzitcha wa kampani imene munatsegulako akauntiyo.

Ndalama zikatuluka inu osadziwa, lankhulani msanga ndi othandiza a kampaniyo kudzera mu app yawo yeniyeni, kenako mukanene kupolisi.