Chichewa chili ndi malo pa yunivesite ya ku Mount Pleasant, mu Harare?

Mtsikana wina wa chaka choyamba pa University of Zimbabwe wanditumizira imelo. Akuti agogo ake adachoka ku Dedza kudzalima fodya m'mafamu, iyeyo adakulira ku Mufakose, muno mu Harare. Amakonda kulemba ndakatulo, koma anzake akumuuza kuti azingolemba m'Chishona kapena m'Chingerezi chifukwa Chichewa palibe angachiwerenge. Akufunsa ngati awamvere.

Achemwali, musawamvere. Pasukulupo sindinu mlendo. Pomwe ophunzira oyamba ankalowa mu 1957, nthawi ya chitaganya, sukuluyo inkatchedwa University College of Rhodesia and Nyasaland. Dziko la agogo anu lidali m'dzina lenilenilo. Ndipo malamulo oyendetsera dziko lino la Zimbabwe a 2013 amaika Chichewa pakati pa ziyankhulo 16 zovomerezeka.

Sindikunamizani, mabuku a Chichewa ndi osowa muno mu Harare. Angapo amene ndili nawo ndidachita kutumiza anthu a pa basi ya ku Blantyre, yodzera ku Tete ndi Nyamapanda. Koma luso lathu lilipo, kungoti limayenda ndi dzina la ena. Tsiku lina mukaweruka m'kalasi mupite ku National Gallery, nyumba yoonetsera zaluso, pa Julius Nyerere Way, mukaone miyala yosema. Anthu amangoti ndi zosema za Ashona. Komatu ku Tengenenge, kufupi ndi Guruve, komwe mlimi wa fodya, Tom Blomefield, adasonkhanitsa osema mu 1966, ambiri mwa oyambirira adali antchito a pafamu ochokera ku Malawi, Mozambique, Zambia ndi Angola. Zimandiwawa mtima kuti ana athu sauzidwa zimenezi. N'chimodzimodzi gule wamkulu, amene kuno amati zvigure: ena amamunyoza, chonsecho UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za chikhalidwe, idamulemekeza mu 2005.

Ngati agogo akadali moyo, yambirani pamenepo. Loweruka lino khalani nawo pakhonde, muyatse foni, akusimbireni za ulendo wawo, nthano za kalulu, nyimbo za pamtondo. Mukatero mulembe momwe ayankhuliramo. Chichewa chanu chikasakanikirana ndi Chishona musachite manyazi, ndi momwe timayankhulira ku Mbare ndi ku Highfield, ndipo ndakatulo zolembedwa choncho ine ndikuzilakalaka.

Owerenga alipo. Zidzukulu za anthu a ku Nyasaland zadzaza m'makalasi momwemo, zimangobisala. Pezani anzanu atatu, muzikumana pansi pa mtengo kunja kwa laibulale n'kumawerengerana. Ndakatulo yanu yoyamba munditumizire, ndidzaiwerenga mokweza kwa amayi anga.