Kodi Ndigule Subwoofer Yaikulu Kapena Ndiwonjezere Yachiwiri?

FUNSO: Akonzi, ndili ndi subwoofer (sipika yotulutsa besi, mawu otsika kwambiri) imodzi ya mainchesi 12 imene ndinaiika pakona pabalaza. Balazalo ndi la mamita 5 m'litali ndi mamita 4 m'lifupi, makoma ake ndi a njerwa ndipo pansi pali matailosi. Ndikakhala pa sofa amene ali pakatikati, besi imamveka yoonda, koma ndikaima pafupi ndi khoma la kumbuyo imagunda mpaka mbale za m'kabati kumalira. Kodi ndiigulitse n'kugula yaikulu, kapena ndiwonjezere yachiwiri? Ndine bambo wa ku Zomba.

YANKHO: Bambo, musafulumire kugulitsa, chifukwa vuto lanu likuchokera m'chipindamo. Mawu amayenda pafupifupi mamita 343 pa sekondi, choncho funde limodzi la besi ya 34 Hz (kunjenjemera ka 34 pa sekondi) limatalika pafupifupi mamita 10, komwe ndi kuwirikiza kawiri litali la balaza lanu. Fundelo likagunda khoma limabwerera n'kukumana ndi linzake. M'mbali mwa makoma, mafunde awiriwa amathandizana, pamene pakati pa chipinda amafafanizana, ndipo ndi pomwepo pamene mwaika sofa. Njerwa ndi simenti zimabweza besi mwamphamvu kuposa makoma a matabwa, ndipo makatani ndi kapeti sizingamwe mafunde aatali chotere. Mukagula yaikulu n'kuiika pakona pomwepo, mbale zidzalira kwambiri koma pa sofa padzakhalabe pouma, pakuti funde lobwerera limakula limodzi ndi lopita.

Nkhani ya chiwerengero inafufuzidwa bwino ndi a Todd Welti a ku kampani ya Harman International ku America, amene anapereka zotsatira zawo mu 2002, kenako mu 2006 pamodzi ndi a Allan Devantier. Iwo anapeza kuti m'chipinda cha makona anayi, ma subwoofer awiri oikidwa pakatikati pa makoma awiri oyang'anizana amachepetsa kwambiri kusiyana kwa besi pakati pa mpando ndi mpando, anayi amachita bwino koposa, ndipo kupitirira anayi phindu lake n'lochepa. Chimene chimachitika n'chosavuta: ya kutsogolo ikamadzutsa funde lija la 34 Hz, ya kumbuyo imalikankha mobwerera, motero funde lovutitsalo limazima m'chipinda chonse. Mukawaika moyandikana, mudzapeza phokoso loonjezera la pafupifupi 6 dB (dB ndi muyeso wa kukula kwa mawu), koma malo ouma adzakhala omwe aja. Ntchito yeniyeni ya subwoofer yachiwiri ndi kugawa besi mofanana.

Musanatulutse ndalama, yesani izi madzulo ano. Sunthani sofa ndi theka la mita kapena kuposerapo kuti achoke pakati penipeni. Kenako nyamulani subwoofer muiike pa sofapo, ikani nyimbo imene gitala ya besi imakwera ndi kutsika, ndipo mukwawe pang'onopang'ono m'mbali mwa makoma mutu uli pafupi ndi pansi. Pamene manoti onse akumveka ndi mphamvu yofanana, popanda lina lophulika kapena losowa, m'pamene pali malo ake. Musaope kuiika kutali ndi wailesi ya kanema, chifukwa mukaika crossover (malire a mawu otsika opita ku subwoofer) pa 80 Hz khutu silizindikira msanga kumene besi ikuchokera.

Ngati mumamvera nokha pa mpando umodzi, ine ndikuona kuti zimenezi zidzakukwanirani, ndipo ndalamazo musunge. Koma ngati banja lonse limakhala pamipando yosiyana kuonera mpira kapena filimu, subwoofer imodzi singakondweretse onse, ndipo ndingakulangizeni kugula yachiwiri yofanana ndendende ndi yanuyo, osati ya mtundu wina imene idzalephera msanga inzake ikadali ndi mphamvu. Dziwaninso kuti pa ma ampulifaya ambiri, mabowo awiri a subwoofer amatulutsa mawu amodzimodzi, choncho yesetsani kuti ma subwoofer onse awiri akhale pa mtunda wofanana ndi pokhala panu, muwaike pa voliyumu imodzi, ndipo muyese batani la phase (lotembenuza kakankhidwe ka funde) pa 0 ndi pa 180 kuti mumve pamene besi ikudzaza. Amene ali ndi kompyuta angagwiritse ntchito pulogalamu yaulere ya REW ndi maikolofoni yoyezera ngati UMIK-1 kuti aone ndi maso zimene khutu likumva. Ngati mumadalira sola ndi inveta, werengani kaye mawati olembedwa kumbuyo kwa subwoofer yanu, chifukwa yachiwiri idzafunanso omwewo.