Mawindo a Magalasi Awiri ndi Kuzizira kwa Nyumba za ku Britain

Achemwali, mwafunsa chifukwa chimene nyumba yanu ya lendi ku Leeds imazizirira, ndiponso mawindo amacha atanyowa ngakhale ali a magalasi awiri, pomwe mlongo wanu wa ku Minnesota ku America, kumene chisanu chake n'choopsa kuposa kuno, amakhala m'nyumba ndi malaya opepuka. Gwero la nkhaniyi lili m'makoma kwambiri kuposa m'mawindo.

Zenera la double glazing ndi magalasi awiri omatidwa m'mbali, osiyana ndi kampata ka mamilimita pafupifupi 16, ndipo nthawi zambiri m'kampatamo amaikamo mpweya wa argon umene sulola kutentha kudutsa msanga. Limathandiza ndithu, koma kutentha kumathawiranso m'khoma ndi kudenga. Nyumba zambiri zogundizana za ku Leeds zinamangidwa chisanafike chaka cha 1920, ndipo makoma ake ndi njerwa zokhazokha. Makoma a mizere iwiri ya njerwa, okhala ndi mpata wothiramo zotchinga kuzizira, anafala m'zaka za m'ma 1920 ndi 1930. Ku America nyumba zambiri n'zamatabwa, ndipo pakati pa mizati amatsenderapo fiberglass, zotchinga kuzizira zooneka ngati thonje, asanakhome mabodi, moti khoma lonse limakhala ngati lafunda bulangete. Kumeneko amapemerera mpweya wotentha m'zipinda zonse kudzera m'mapaipi akuluakulu, pomwe kuno boiler imatenthetsa madzi opita m'maradiator, mpweya wa m'chipinda n'kumangokhala pomwepo ndi chinyezi chake.

Za kunyowako, chonde yang'anitsitsani pamene pali madziwo. Ngati akupukutika ndi nsalu, zenera lilibe vuto, imeneyo ndi nthunzi ya m'nyumba mwanu momwemo. Ine chaka changa choyamba ndinkawiritsa nyemba maola atatu nditatseka paliponse, zovala zonyowa nditayanika pa radiator, mpaka tsiku lina nditasuntha wadiropu ndinapeza khoma lonse lada bii ndi nkhungu, ndipo mwana anali akutsokomola usiku. Musadikire kufika pamenepo. Pamwamba pa felemu ya zenera kawirikawiri pamakhala kachitseko kakang'ono kolowetsa mpweya. Kasiyeni kotsegula ngakhale kuzizire, muzivundikira mapoto, ndipo muziyatsa fani ya kukhitchini ndi ya kubafa. Koma ngati chifunga chili pakati pa magalasi awiriwo, pamene nsalu singafike, ndiye kuti chomatira chatha mphamvu, ndipo eni nyumba muwadziwitse mwa kalata kuti asinthe galasilo.

Muwapemphenso chikalata cha EPC, chimene chimaonetsa mmene nyumba imasungira kutentha ndi kugwiritsira ntchito magetsi ndi gasi, pa mlingo wa A (yabwino koposa) mpaka G. Kuyambira mu Epulo 2020, lamulo la ku England ndi Wales sililola kubwereketsa nyumba yotsika kuposa E, kupatula zimene zinalembetsedwa kuti lamuloli lisazikhudze. Ngati n'kotheka musuzumirenso pamwamba pa siling'i, chifukwa zotchinga kuzizira zoyala pamenepo zimayenera kuchindikala mamilimita 270, koma m'nyumba zakale zambiri sizifika pamenepo.