Funsani za Nyimbo: Bebop ya ku Paris ndi Piyano Yotsogolera Anthu Atatu

Makalata amene tasankha mwezi uno onse akukhudza jazi ya bebop monga ankaiimbira ku Paris m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, makamaka m'timagulu totsogoleredwa ndi woimba piyano.

Funso: Ndinapeza pa YouTube chimbale cha woimba piyano wina dzina lake René Urtreger, akuimba ndi besi komanso ng'oma basi. Ine ndimadziwa kuti bebop ndi ya anthu akuda a ku America. Nanga inafika bwanji ku France, ndipo ya kumeneko ikusiyana pati ndi ya ku New York? Bambo wa ku Zomba.

Yankho: Simunalakwe, bambo. Bebop inabadwira ku New York kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1940, m'malo ngati Minton's Playhouse ku Harlem, ndipo eni ake ndi Charlie Parker, Dizzy Gillespie, Thelonious Monk, Bud Powell ndi katswiri wa ng'oma Kenny Clarke. Nthawi imeneyo France inali m'manja mwa asilikali a Germany, moti zimbale zatsopano za ku America sizinkafika. Nkhondo itatha, Afalansa anadzidzimuka kumva kuti jazi imene ankaidziwa yasanduka ina: yothamanga, yodzaza machord, yofuna kumvera utakhala pansi osati kuvina.

Zinavuta ndithu. Mu 1947 m'bungwe la okonda jazi la Hot Club de France munabuka mkangano waukulu. Hugues Panassié ankanena poyera kuti bebop si jazi n'komwe, pamene Charles Delaunay wa magazini ya Jazz Hot anaikhalira kumbuyo, ndipo awiriwa anasiyana pamenepo. Mu Febuluwale 1948 bandi yaikulu ya Gillespie inaimba mu holo ya Salle Pleyel, kenaka mu Meyi 1949 Parker ndi Miles Davis anaimba mu holo yomweyo pa chikondwerero cha jazi.

Koma konsati ya usiku umodzi siphunzitsa munthu kuimba. Chimene chinasula oimba piyano a ku Paris ndi ntchito ya usiku ndi usiku m'makalabu monga Club Saint-Germain, Le Chat qui Pêche ndi Blue Note, akuperekeza alendo ochokera ku America. Henri Renaud anajambula nyimbo ndi woimba lipenga Clifford Brown mu 1953. Kenny Clarke anakhazikika ku Paris mu 1956 nakhala ku France mpaka imfa yake mu 1985. Bud Powell anabwera mu 1959 nabwerera kwawo mu 1964, ndipo m'zaka zimenezo ankaimba ndi Clarke pamodzi ndi Mfalansa wa besi Pierre Michelot. Choncho mnyamata wa ku Paris ankatha kukhala pafupi ndi piyano n'kumaona ndi maso ake momwe zala za Powell zikuyendera.

Urtreger amene mwamumvayo anabadwa mu 1934, ndipo mu 1955 anatulutsa chimbale cha nyimbo za Powell, mphunzitsi wake wa m'makutu. Mu Disembala 1957 ndi iye anali pa piyano pamene Miles Davis ankajambula nyimbo za filimu ya Louis Malle, limodzi ndi Michelot, Clarke ndi Barney Wilen wa sakisofoni.

Kunena za kusiyana, ife tikuti malamulo ake ndi amodzimodzi. Palibe chord kapena sikelo imene ndi ya Afalansa okha. Kusiyana kuli mwa munthu ndi munthu. Urtreger sanapite patali ndi Powell. Martial Solal, yemwe anabadwira ku Algiers mu 1927 n'kubwera ku Paris mu 1950, ankaiphwanya nyimbo, kuidula pakati, kusintha liwiro, kenaka n'kuilumikizanso. Mukawamvera motsatizana awiriwa mudzaona kuti mawu akuti "bebop ya ku France" akunena za malo ndi nthawi, osati kaimbidwe kamodzi.

Funso: Ndimaimba kiyibodi kutchalitchi ndipo ndi anzanga awiri, wa besi ndi wa ng'oma, tayamba kuyesa bebop. Tikajambula pa foni n'kumvetsera, mawu apansi amangomveka phokoso lolemera, osadziwika kuti besi ili pati. Tikulakwitsa chiyani? Mtsikana wa ku Area 25, Lilongwe.

Yankho: Achemwali, vuto lili m'dzanja lanu lamanzere, ndipo pafupifupi aliyense wochokera ku nyimbo za kutchalitchi amakumana nalo. Kumeneko dzanja lamanzere limagwira noti yapansi, nthawi zina kawiri, lamanja n'kudzaza chord yonse, phazi lili pa pedal. Mukatero mu bebop, inu ndi wa besi mumakhala ngati anthu awiri olimbirana kulowa pakhomo limodzi lopapatiza. Manoti apansi akayandikana amasokonezana, ndipo pedal imawasunga mpaka chord yotsatira italowa.

Powell ndi ophunzira ake ankagwira manoti awiri okha kumanzere. Tiyese mu kiyi ya C, pa machord atatu amene mudzakumana nawo kulikonse mu bebop: Dm7, G7, Cmaj7. Pa Dm7 chala chaching'ono chigwire D, chala chachikulu chigwire C ya pakati pa kiyibodi. Pa G7 gwirani G ndi B. Pa Cmaj7 gwirani C ndi B. Taonani chala chachikulu: chachoka pa C kufika pa B, kenaka chakhala pomwepo. Manoti amenewa, yachitatu ndi yachisanu ndi chiwiri ya chord iliyonse, ndi amene amauza khutu ngati chord ili major, minor kapena dominant. Noti yachisanu mutha kuisiya, palibe adzaifune.

Wa besi akakhalapo, musiyireni ngakhale noti yapansiyo. Pa Dm7 gwirani F ndi C, pa G7 F ndi B, pa Cmaj7 E ndi B. Nthawi iliyonse chala chimodzi chokha ndi chimene chikusuntha, ndipo chikungotsikira pa kiyi yoyandikana nayo. Zala zimenezi zikhale pakati pa C ya pakati ndi C yotsatira kumunsi kwake, kapena kukwerako pang'ono. Mukatsika kupitirira pamenepo mwalowa m'gawo la besi, phokoso lija labwerera.

Pedal ichotseni kaye, ngakhale kuizula pa waya kwa mwezi wathunthu. Idzabwerera pa nyimbo zodekha.

Chachiwiri ndi nthawi yogwirira chord. Musagwire pa biti iliyonse, ndiponso musaikanikize bar yonse, kutanthauza mabiti onse anayi. Yambani ndi kagundidwe aka: kamodzi pa biti yoyamba, kachiwiri pakati pa biti yachiwiri ndi yachitatu, zonse mwachidule, kenaka manja m'mwamba. Zikakhazikika, yesani kulowetsa chord ya bar yotsatira isanakwane nthawi yake, pa theka lomaliza la biti yachinayi. Kakankhidwe kameneka ndi kamene kamachititsa nyimbo kumveka ngati ikupita patsogolo ngakhale liwiro silinasinthe.

Mukafuna nyimbo yoyesererapo, tengani ya Mfalansa Joseph Kosma, Les Feuilles mortes, imene oimba jazi amaidziwa kuti Autumn Leaves. Mu G minor imayamba chonchi: Cm7, F7, Bbmaj7, Ebmaj7, Am7b5, D7, Gm. M'ma bar 8 oyamba okhawo muli kale mayendedwe aja kawiri, kamodzi ku major, kamodzi ku minor.

Chenjezo limodzi kwa inu oimba kwaya. Mu sol-fa yathu, doh amasuntha kutsata kiyi ya nyimbo. Kwa Afalansa, do ndi C nthawi zonse, sol ndi G, si ndi B. Mukamaonera phunziro la mphunzitsi wa ku France n'kumva "si bémol", akunena Bb, zilibe kanthu kuti nyimbo ili mu kiyi yanji.

Funso: Masikelo onse ndimawadziwa ndipo zala zimathamanga, koma ndikamapeka pompo zimamveka ngati ndikuyeserera m'kalasi. Zosamveka ngati Powell kapena Urtreger. Chikusowa n'chiyani? Mnyamata wa ku Chipata.

Yankho: Achimwene, kuthamanga si kumene kukusowa. Chofunika ndi kudziwa noti imene ikugwera pa biti. Mu bebop dzanja lamanja limaimba manoti awiri pa biti iliyonse, kutanthauza manoti 8 mu bar. Sikelo wamba ili ndi manoti 7, ndiye masamu sagwirizana. Yesani pa G7 kutsika kuchokera pa G: G, F, E, D, C, B, A, G. Pa mabiti pagwera G, E, C ndi A, ndipo atatu mwa amenewa si a chord ya G7. N'chifukwa chake zikumveka zopanda kolowera. Tsopano lowetsani F# pakati pa G ndi F: G, F#, F, E, D, C, B, A. Pa mabiti pagwera G, F, D ndi B, chord yonse ya G7. Noti imodzi yowonjezerayo yakonza mzere wonse, moti ngakhale besi itakhala chete, womvera akumva chord.

Njira ina ndi kuizungulira noti musanaigwire. Ngati mukufuna kufika pa E pamene Cmaj7 ikulowa, imbani F, kenaka D#, ndiye E pa biti yoyamba. Chitani zimenezi pa noti yachitatu ya chord iliyonse m'makiyi onse 12, kiyi imodzi patsiku, pa liwiro la mabiti 80 pa mphindi.

Zolakwika zina ziwiri n'zofala. Choyamba ndi kuyamba mzere uliwonse pa biti yoyamba n'kuuthera pamene bar yathera. Mvetserani bwino Powell: mizere yake imayambira pakati pa bar n'kudutsa malire a chord. Chachiwiri ndi kudumphadumpha. Ambiri amaganiza kuti swing ndi kutalikitsa kwambiri noti yoyamba n'kufupikitsa yachiwiri. Pa liwiro lapakati zimakhaladi choncho pang'ono, koma liwiro likakwera manoti awiriwo amakhala pafupifupi ofanana, ndipo kukoma kumachokera pa manoti amene mwawatsindika ndi amene mwangowakhudza mopepuka.

Zimenezi sizilowa ndi kuwerenga kokha. Sankhani ma bar 4 okha pa chimbale, chepetsani liwiro pa YouTube kufika pa theka, aimbeni ndi pakamwa mpaka mutawaloweza, ndiye muwafune pa kiyibodi. Ma bar 4 oterewa pa sabata amaposa solo yonse yokopera papepala la wina.

Funso: Ine ndi wa ng'oma. Nyimbo timaiyamba bwinobwino koma pofika pakati timakhala tathamanga kwambiri, ndipo pambuyo pa solo sitidziwa polowera. Bambo wa ku Ndirande.

Yankho: Bambo, pa nkhaniyi mphunzitsi wanu ndi Kenny Clarke. Iye ndi amene anachotsa ntchito yosunga nthawi pa ng'oma yaikulu ya kuphazi n'kuiika pa ride cymbal, mbale yaikulu yachitsulo ija. Dzanja lamanja limaimba "ting, tingi-ting, tingi-ting" osaleka, phazi lamanzere limatseka hi-hat pa biti yachiwiri ndi yachinayi. Ng'oma yaikulu muikhudze mopepuka moti imveke m'thupi osati m'khutu, kapena muisunge kuti muzitsindikira nayo apo ndi apo. Mukaiponda mwamphamvu pa mabiti onse anayi mumakwirira besi, yomwenso ikuyenda noti imodzi pa biti iliyonse, ndipo wa besi akasiya kudzimva amayamba kuthamanga.

Poyeserera nonse atatu, ikani metronome ya pa foni, pulogalamu yogunda mosasintha liwiro, pa 60 ndipo kugunda kwake mukutenge ngati biti yachiwiri ndi yachinayi. Pamenepo mukuimba pa 120, koma biti yoyamba ndi yachitatu mukuzisunga nokha. Masiku oyamba zidzatembenuka, kugunda kuja n'kuyamba kumveka ngati biti yoyamba. Imani, werengani, yambiraninso. Musakwere liwiro musanathe kuimba mphindi 5 osatembenuza. Kuthamanga kumayamba kawirikawiri pa malo awiri: pamene wa piyano wafika povuta, ndi pamene inu mukudzaza mpata kumapeto kwa gawo. Dzijambuleni, mudzapeza pomwepo.

Kusochera kumabwera chifukwa chowerenga mabiti m'malo momva mpangidwe wa nyimbo. Bebop yambiri ili m'mipangidwe iwiri. Blues ili ndi ma bar 12. Inayo ili ndi ma bar 32 m'magawo anayi a ma bar 8, AABA, pomwe B ndi gawo lapakati lokhala ndi machord ena. Pa liwiro la 240, ma bar 32 amatha m'masekondi 32 okha, choncho mukaphonya B kamodzi mwatayika. Ambiri amasokonezeka pa A yomaliza, chifukwa ikatha pamabweranso ma A awiri a kuzungulira kwatsopano, onse pamodzi atatu otsatizana. Mankhwala ake ndi kuimba nyimboyo mumtima nthawi yonse ya solo, yanu kapena ya mnzanu, ndi kuika chizindikiro chomveka, monga kugunda cymbal kamodzi mwamphamvu, polowa B ndi poyamba kuzungulira kwatsopano. Pa kusinthana ma bar anayianayi ndi piyano, kuzungulira kumodzi kwa AABA kumakupatsani mipata inayi. Mukaiwerenga simungalowe molakwika.

Funso: Tilibe piyano yeniyeni kapena besi yaikulu yoimirira. Kodi n'zotheka? Ndipo tiyambe kumvera zimbale ziti? Mayi wa ku Mzuzu.

Yankho: N'zotheka, mayi. Kiyibodi ya makiyi 61 ikwanira, bola ikhale yomva kulemera kwa chala, apo ayi simungatsindike manoti. Sankhani mawu a piyano okha, osasakaniza ndi strings, ndipo reverb ichepe. Besi ya magetsi imachunidwa chimodzimodzi ndi yaikulu ija, E, A, D, G. Wa besi achepetse treble, aimbire pafupi ndi khosi la besiyo pogwiritsa ntchito mnofu wa chala, ndipo asamenye zingwe ndi chala chachikulu.

Pa zomvera, yambani ndi A Portrait of Thelonious, chimene Powell anajambula ku Paris mu 1961 ndi Michelot ndi Clarke, kuti mumve atatuwo akugawana ntchito. Tsatirani ndi cha Urtreger cha 1955, kenaka cha gulu la HUM cha 1960, dzina lochokera pa zilembo zoyamba za Daniel Humair, Urtreger ndi Michelot. Georges Arvanitas wa ku Marseille ali ndi chimbale cha 1958 chotchedwa 3 a.m., chojambulidwa ndi Doug Watkins ndi Art Taylor. Solal mumusungire kumapeto, makamaka chimbale cha ku Salle Gaveau cha 1962 ndi Guy Pedersen ndi Humair, chifukwa amachoka pa mpangidwe mwadala ndipo zimakoma kwa amene akutha kale kuutsata. Nyimbo iliyonse muimvere katatu pa mahedifoni, osati pa sipika ya foni imene imameza besi: koyamba kutsata besi yokha, kachiwiri cymbal yokha, kachitatu dzanja lamanzere la woimba piyano.