Kodi abwana angakuchotseni ntchito chifukwa cha zomwe mwachita mutaweruka?

Bambo wina wa ku Blantyre, yemwe amalandira ndalama m'sitolo ina, wandilembera pa imelo kuti Loweruka usiku anamenyana ndi mnzake pamalo omwera mowa, wina anajambula n'kufalitsa pa WhatsApp, ndipo pofika Lolemba anapatsidwa kalata yomuimitsa ntchito. Akufunsa ngati abwana ali ndi mphamvu yomulanga pa zomwe zinachitika iye ataweruka.

Bambo, lamulo la za ntchito la Employment Act la mu 2000 siliyang'ana kuti cholakwacho chinachitika nthawi yanji kapena malo ati. Gawo 57 likunena kuti munthu sangachotsedwe ntchito popanda chifukwa chomveka chokhudza luso lake, khalidwe lake, kapena kayendetsedwe ka kampaniyo. Choncho nkhani yanu yagona pa funso limodzi: kodi ndewuyo ikukhudza bwanji ntchito yomwe munalembedwera?

Zilipo zochita za kunja zimene zimalowa pantchito ngakhale munthu atakana chotani. Dalaivala amene walandidwa laisensi chifukwa choyendetsa galimoto yake ataledzera Lamlungu sangagwire ntchito Lolemba, ndipo abwana sangaimbidwe mlandu akamufunsa. Wosunga ndalama amene khoti lamupeza wolakwa pa kuba za banki m'khonde wawononga chikhulupiriro chimene ntchito yake imadalira, ngakhale kuti sanakhudze tambala imodzi ya kampani. Pa ndewu yanu ndikadafuna kudziwa ngati munavala yunifolomu ya sitoloyo, ndiponso ngati amene munamenyana nayeyo ndi kasitomala, mnzanu wa kuntchito kapena kapitawo wanu. Ngati zili choncho, abwana ali ndi pogwira. Koma ngati munali mu zovala zanu, mukukangana ndi munthu wosadziwika kusitoloko, kunena chabe kuti mwaipitsa mbiri ya kampani sikokwanira, chifukwa gawo 61 limapereka udindo kwa olemba ntchito kuti asonyeze chifukwa chochotsera munthu komanso kuti anachita mwachilungamo. Ndimaona kuti mabwana ambiri amathamangira mawu oti "mbiri ya kampani" pamene chenicheni n'chakuti iwowo ndiwo achita manyazi ataona kanemayo.

Palinso zifukwa zimene lamulo lakaniratu. Munthu sangalangidwe chifukwa cha chipembedzo chake, maganizo ake pa ndale, mtundu wake, kukhala pabanja kapena ayi, ngakhalenso kulowa bungwe la anthu apantchito. Amene anaonedwa pamsonkhano wa chipani Lamlungu masana ali ndi chitetezo chachikulu kuposa inu, pakuti ndewu siili m'gulu limeneli.

Kuimitsidwa ntchito si kuchotsedwa. Gawo 56 limalola abwana kupereka chenjezo lolembedwa, kuimitsa munthu kapena kumutsitsa paudindo, malinga chilangocho chikugwirizana ndi kukula kwa cholakwa. Asanakuchotseni, ayenera kukuuzani mlandu wanu ndi kukupatsani mpata wodziteteza, ndipo kudumpha zimenezi kungachititse kuti kuchotsako kukhale kosalungama ngakhale munalakwadi. Apempheni kuti akulembereni chomwe akukuimbirani, werenganinso mgwirizano wanu wa ntchito ndi malamulo a kampani kuti muone ngati akutchula za khalidwe la kunja, ndipo mukaitanidwa ku komiti yosungitsa mwambo, mupiteko ndi mboni imene inaona mmene ndewuyo inayambira. Musalembe kalata yosiya ntchito chifukwa cha mkwiyo kapena manyazi, popeza mukatero mudzavutika kusonyeza kuti munachita kuchotsedwa.

Akakuchotsani, muli ndi miyezi 3 yokadandaula ku ofesi ya leba ya m'boma lanu, ndipo nkhaniyo ikakanika kumeneko imapita ku khoti loona milandu ya zantchito la Industrial Relations Court. Khotilo likhoza kulamula kuti mubwezeretsedwe pantchito kapena mupatsidwe chipukuta misozi. Kwa munthu amene wagwira ntchito zaka zosapitirira 5, chipukuta misozicho sichichepera malipiro a sabata imodzi pa chaka chilichonse chomwe wagwira, ndipo chimakwera mpaka malipiro a mwezi umodzi pa chaka kwa amene wadutsa zaka 15. Simunandiuze kuti mwakhala zaka zingati pa sitoloyo, choncho musunge kalata yomwe anakulemberani ntchito pamodzi ndi mapepala a malipiro anu, chifukwa a leba adzafuna kuziona.